Mamita 70 a Kuseri kwa Mpanda

Mutu uno ndaulemba chifukwa cha nambala imodzi. Nambalayo inatsala pang'ono kumeza nyumba ya mayi wina wamasiye ku Area 10, ndipo ine inandidyera mpando. Inu ana anga munali aang'ono, munangoona kuti amayi asiya kukwera minibasi ya ku City Centre, abwerera ku Old Town nkhope ili gwa. Kenaka munamva za anthu, zoti ndinali wovuta, wamwano kwa mabwana, ndipo mmodzi wa inu, ndikumudziwa, anakafotokozera mkazi wake zomwezo ngati analipo. Ndiye werengani nokha. Dzina la kampani sinditchula, maina a anthu ndawasintha poti ena ali moyo ndipo ana awo ndi maloya. Manambala okha ndiwo sindinawakhudze.

Chaka choyamba, ku Old Town

Ndinayamba ntchito pa kampani ina yoyeza malo, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsalu, kufupi ndi msika. Tsiku lonse pansi pathu pankalira makina a matelala. Ntchito ya kampaniyo inali kuyeza mapuloti, kukhoma mabikoni, ndi kujambula mapu opita ku boma kukadindidwa. Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa mu simenti pa ngodya ya puloti, kooneka ngati kachabechabe, koma ndi kamene kamanena kuti apa pathera pa uje, payambira pa uje. Amuna ankapita kuthengo ndi tepi ndi makina awo osuzumiramo, n'kubwera ndi buku la miyeso lili fumbi lokhalokha. Ine ndinalembedwa kuti ndiziwerengera zimene alemba m'bukumo, ndi kusaina pansi kuti masamu ali bwino. Popanda siginecha ya wowerengera, mapu sankatuluka pakhomo.

Koma sabata yoyamba palibe anandipatsa nambala ngakhale imodzi. Anandipatsa ketulo. Amuna asanu ndi mmodzi, ena masamu anawalephera kusukulu ine ndikuwaona ndi maso angawa, ankangokweza kapu m'mwamba osayang'ana n'komwe amene akuthira. Lolemba lotsatira ndinafika m'mawa, ketulo ndinaiika pa tebulo la bwana, n'kunena kuti kalata yanga ya ntchito sikutchula tiyi.

Bwanayo anali a Mbewe, nkhalamba yaifupi ya chifuwa chosatha. Kalikuleta pa kampani yonse inali imodzi, ankaikiyira mu dilowa, kiyi ali m'khosi pa chingwe, ndipo mukamaliza kuwerengera ankachotsa mabatire n'kuwaika m'thumba la malaya. Mapensulo ankawadula pakati ndi lezala kuti tigawane. Ambirife tinkadalira buku la matebulo a masamu, lakale moti tsamba la makosaini linali lomatidwa ndi phala. A Mbewe anayang'ana ketulo ija, anayang'ana ine, n'kunditambasulira pepala.

"Mtsikana iwe, beringi n'chiyani?"

"Ndi koloza, bwana. Munthu amayang'ana kumpoto, n'kumazungulira chakumanja monga muvi wa wotchi, akuwerenga madigiri mpaka ataloza kumene akupita."

"Zoloweza pamtima umazitha. Werengera izi."

Panali munthu woyenda njira ziwiri, yoyamba beringi yake, yachiwiri beringi yake, ndipo funso linali lakuti kuchokera pamene anayambira kufika pamene anaima, molunjika monga aulukira khwangwala, pali mtunda wotani. Ndinawerengera msangamsanga kuti amuna aja aone. Ndinalakwa. A Mbewe sanandiuze pamene ndalakwitsa. Ananditsitsira kuseri kwa sitolo, kumene matelala ankataya tizidutswa ta nsalu, n'kundiuza kuti ndiyende mpaka pa mgolo wa zinyalala, ndikhote, ndilowere ku mpopi. Nditafika pa mgolo anakuwa.

"Ima! Ukuthamangira kuti? Tembenuka, uyang'ane kumene wachokera."

Ndinatembenuka, matelala ali pazenera kuseka.

"Dzanja limodzi loza kwa ine, lina loza ku mpopi. Ngodya imene ili pakati pa manja akoyo ndiyo tikufuna. Waulesi amangochotsera beringi yoyamba ku yachiwiri, n'kupeza mmene munthu wakhotera. Imeneyo ndi ngodya yakunja, si ya m'kati. Kuti uyang'ane kumbuyo, wonjezera madigiri 180 pa beringi imene wabwera nayo, ndiye uchotsere. Ukaiwala kutembenuka, udzapatsa munthu munda wa mnzake."

Lamulo lenilenilo, la kosaini, ndinalidziwa kale kusukulu, ndipo ndililemba pano kuti wina asadzakunamizeni kuti ndi zamatsenga. Njira yoyamba muichulukitse ndi iyo yokha, yachiwirinso chimodzimodzi, muphatikize. Kenaka muchulukitse njira ziwirizo, muwirikize kawiri, muchulukitsenso ndi kosaini wa ngodya ya pakati pake, ndipo zimene mwapezazo muchotsere ku zoyamba zija. Chotsala muchipezere sikweya ruti, ndiye mtunda wolunjikawo. Lamulo silinama. Onama ndi amene amalipatsa ngodya.

Patapita miyezi itatu a Mbewe anandichita chinthu chimene sindinawakhululukire mpaka anamwalira. Anandibweretsera pepala limene anawerengera okha, siginecha yawo ili kale pamwamba, akuti ndi lachangu. Ndinasaina. Anatenga pepalalo n'kuling'amba pamaso pa ofesi yonse, poti anali ataikamo cholakwa dala.

"Wasaina chifukwa chiyani?"

"Poti mwawerengera ndinu, bwana."

"Ndiye iwe tikukusungira chiyani pano, kukongola?"

Ndinalirira kuchimbudzi, koma kuyambira tsiku limenelo sindinasainenso nambala imene sindinaiwerengere ndekha, ngakhale itachokera kwa m'busa. A Mbewe omwewo ndinawagwira zolakwa zenizeni kanayi, ndipo kanayi konse ankati anachita dala. Sindinawakhulupirire.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, ku City Centre

A Mbewe atapuma, kampani inatengedwa ndi a Kamwendo, munthu wa suti, womwetulira asanaone n'komwe amene akumumwetulira. Chinthu choyamba anatisamutsa ku Old Town, akuti makasitomala a masiku ano sangakwere masitepe onunkha utaka. Ku City Centre tinapeza kapeti, makatani, ndi kompyuta pa tebulo lawo. Koma galimoto ya kuthengo inkakhala masabata ili pa malo amodzi yopanda mafuta, amuna akupita kukayeza pa minibasi, makina atawafukata pamiyendo ngati mwana wodwala. Mapepala ojambulira mapu ankatha, makina okopera makalata ankakhala opanda inki, koma maluwa a pa tebulo la alendo ankasinthidwa Lolemba lililonse. Ine anandikweza kukhala mkulu wa owerengera, ngakhale owerengerawo tinatsala awiri, ndipo ankanditchula kuti mayi wathu. Munthu akayamba kukutchula mayi wake usanamubereke, gwira chikwama.

Makasitomala anasinthadi. Ku Old Town kunkabwera anthu oyenda pansi, mapepala atawakulunga mu jumbo. Kuno kunkabwera anthu osatsika m'galimoto mpaka mlonda atawatsegulira, ndipo sankafika pa tebulo langa. Ankalowa kwa a Kamwendo, chitseko n'kutsekedwa, kumveka kuseka.

Chaka cha khumi ndi chitatu, mwezi wa Okutobala

Linali Lachisanu, dzuwa likuotcha kuyambira m'mawa. A Kamwendo anabwera okha pa tebulo langa, fayilo ili m'manja. Zaka ziwiri zonse anali asananyamulepo fayilo, ankatuma.

"Mayi wathu, kangondisainirani apa. Ndawerengera kale pa kompyuta, mwiniwake akuifuna lero."

Inali puloti ya ku Area 10 ya munthu wina wolemera, amene ankafuna mapu atsopano poti akale akuti anatayika. Ndinatsegula. Malire a kumbuyo, kuchokera pa bikoni ya kumadzulo kufika pa bikoni ya kum'mawa, analembedwa mamita 113 ndi kanthu. M'fayilomo munalibe buku la miyeso.

"Buku lili kuti, bwana?"

"Aa, buku la chiyaninso, Mayi Mwale? Kompyuta yatulutsa yokha."

"Kompyuta imadya chimene mwaipatsa. Ndione buku."

Anamwetulirabe, koma fayilo anaisiya mochita kuponya. Nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira kwa a Lameki, amene anakayeza pulotiyo. Anali bambo wachikulire wa kumudzi wina kufupi ndi tauni, mkulu wa mpingo, wosalakwitsa tepi. Ndinawapeza pansi pa mtengo akudya chinangwa. Nditatchula za Area 10 anasiya kutafuna.

"Mayi, inetu ndinalemba zimene ndinaona. Za m'mwambamo sindizidziwa."

"Sindinafunse za m'mwamba, a Lameki. Ndafunsa buku."

Analitulutsa m'chikwama chawo atayang'ana uku ndi uku, akuti abwana anawauza kuti alipereke kwa iwo okha madzulo, ndiye ndilibweze belu la nkhomaliro lisanathe. Anandifotokozeranso chifukwa chimene sanayeze molunjika. Mwini puloti anamanga mpanda wa njerwa wotuluka kunja kwa malire a kumbuyo, mzere wa pakati pa mabikoni awiriwo n'kutsalira m'kati, ndipo mlonda anakana kutsegula, agalu akuuwa ngati aona fisi. Kuseri kwa mpanda kunali ngalande ndi minga. Ndiye a Lameki anazungulira. Kuchokera pa bikoni ya kumadzulo anayenda mamita 80 pa beringi ya madigiri 40, kutulukira pa mtetete kudambo, anakhoma chikhomo, n'kukhota kuyenda mamita 50 pa beringi ya madigiri 160 kufika pa bikoni ya kum'mawa.

Ndinakopera tsamba lonse ndi dzanja, n'kuwerengera pomwepo pa bondo. Munthu ataima pa chikhomo n'kutembenuka kuyang'ana kumene wachokera, akuloza 40 kuwonjezera 180, ndiye 220. Kumene akupita ndi 160. Pakati pake pali madigiri 60, ndipo kosaini wa 60 ndi theka, ngakhale mwana wa fomu 3 amadziwa. Tsono 80 kuchulukitsa ndi 80 ndi 6,400, ndipo 50 ndi 50 ndi 2,500, pamodzi 8,900. Kenaka 80 kuchulukitsa ndi 50 ndi 4,000, kuwirikiza kawiri 8,000, theka lake 4,000. Kuchotsera, kutsala 4,900. Sikweya ruti yake ndi 70. Mamita 70 ndendende, opanda ndi kachidutswa komwe, kuloza madigiri 78, pafupifupi kum'mawa kwenikweni.

Ndiye 113 anachokera kuti? Sindinavutike kumupeza. Mukachotsera 40 ku 160 osatembenuka, mupeza madigiri 120. Kosaini wa 120 ndi theka lomwelo koma la mainasi, choncho 4,000 uja m'malo mochotsedwa amaphatikizidwa, kukhala 12,900, ndipo sikweya ruti yake ndi 113 ndi kanthu. Cholakwa cha mwana wa sukulu, chomwe ine ndinachilakwa pamaso pa a Mbewe. Koma a Kamwendo sanali mwana wa sukulu. Mamita 43 oonjezerawo ankalowa kum'mawa, ndipo pa mapu a dera lonselo kum'mawa kunali puloti ina yaing'ono, ya mamita osafika 50.

Muyenera kumvetsa chinthu chimodzi cha ntchito yathu. Mapu akadindidwa, nthaka imatsatira pepala. Patapita nthawi wina amabwera ndi tepi, n'kunena kuti bikoni iyi ili polakwika, mapu akuti 113, ndiye amaizula n'kukaizika kumene pepala likunena. Pamenepo wokhala m'kati mwa mamita 43 aja amasanduka wolowerera pa malo a eni.

Madzulo ndinauza a Kamwendo kuti mutu ukundipweteka, ndiona Lolemba.

Loweruka lake

Sindinakhulupirire buku la a Lameki, ngakhale masamu anga omwe. Ndinakwera minibasi, n'kutsika pa msewu waukulu, kwinako ndinayenda pansi, poti m'misewu ya ku Area 10 woyenda pansi ndi wantchito yekha. Mipanda mbali zonse, maluwa a jakaranda ali mbwee pa phula, ndipo galimoto iliyonse yodutsa inkachepetsa liwiro kuti aone mayi wa nsapato za ku ofesi akufuna chiyani. Phazi langa ndinkalidziwa, mapazi khumi anali mamita asanu ndi awiri. Ndinayenda kutsogolo kwa pulotiyo m'mbali mwa msewu, kuyambira pa ngodya ya kumadzulo mpaka pamene mpanda wa njerwa unathera. Mapazi 100 ndi awiri. Ndinapitirira kuwerenga kuti ndione 113 akathera pati. Ndinadutsa mpanda wa maluwa wodulidwa bwino, kageti kachitsulo kadzimbiri, nyumba yaing'ono ya malata ofiira, zovala za ana zili pa chingwe, mpaka ndinaima pa mtengo wa mapeyala, kumapeto kwenikweni kwa pulotiyo. Nyumba yonse inali m'kati.

Pobwerera mlonda wa pa geti lalikulu anandiitana. Anali bambo wa imvi, atakhala pa chitini.

"Mayi, mwataya chiyani? Ndakuonani mukuwerenga pansi."

"Ndikufuna nyumba ya lendi, bambo. Yaing'onoyo ndi ya ndani?"

"Iyo? Ya Mayi Nankhoma, amuna awo anatisiya chaka chatha. Koma musavutike nayo. Abwana athu akuti mvula ikatha mpanda uwu ufika pa mapeyala apo. Njerwa zabwera kale, zili m'katimu."

"Agula?"

Anaseka, n'kulavula. "Kugula? Anapita kawiri kukapempha, mayiwo anakana. Pano akuti mapepala akuonetsa kuti malowo ndi awo kuyambira kale. Ife n'ndani, mayi? Timangotsegula geti."

Njerwa zabwera kale, ine ndisanasaine! Ndinayenda mpaka pa siteji ndikuzilumikiza zonse. Anthu anakhala pansi m'chipinda cha makatani, n'kusankha cholakwa chooneka ngati changozi, kuti zikadzaululika adzati wowerengera ndiye anaiwala kutembenuka. Siginecha ya pansi ikanakhala ya yani? Yanga. Anandiyeza, n'kuona kuti mayi uyu ndi woti tingamupachike thumba la zinyalala pamsana.

Sabata yotsatira

Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinawauza abambo anu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Amake Tadala, ingokanani kusaina, basi. Zinazo si zanu."

"Ndikakana asaina wina. Nyumba ipitabe."

"Ndiye mukufuna mutani? Zinsinsi za kampani mukazitulutsa akuchotsani. Ana atatu ali pa sukulu. Mayi ameneyo mukumudziwa? Ndi m'bale wanu?"

Sananame, ndipo ndicho chinandipsetsa mtima kwambiri.

Lolemba ndinalowa kwa a Kamwendo ndi pepala langa, ndinawaonetsa 60 ndi 120, mzere ndi mzere. Sanayang'ane pepalalo n'komwe.

"Mayi Mwale, masamu ali ndi njira zambiri."

"Njira zambiri, bwana, koma yankho limodzi. Tiyeni tikayeze, tepi ndigwira ndine."

"Mukundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi. Ntchito mukuidziwa bwino, n'chifukwa chake mwasankha 120."

Kumwetulira kunatha. Anandiuza kuti buku la miyeso lasowa, a Lameki analiiwala mu minibasi, ndiye palibe chimene ndingaonetse munthu. Anandikumbutsanso kuti anandikweza ndi iwo, ndipo owerengera ofuna ntchito ali mbwee kunjaku. Nditatuluka ndinapita kwa a Lameki kuti angosaina pansi pa tsamba ndinakopera lija, kutsimikiza kuti miyeso ndi yawo. Mkulu wa mpingo uja anabisa manja kumbuyo ngati ndawapatsa njoka.

"Mayi, ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Mundikhululukire."

Sindinawakhululukire. Lachiwiri mnzanga wowerengera naye anasaina fayilo ija osaitsegula, ndipo Lachitatu nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Area 10, pepala lili m'kati mwa bulauzi.

Mayi Nankhoma ndinawapeza akuthirira masamba. Anali mayi wamtali, wowonda, wa zaka zoposa zanga. Geti sanatsegule. Ndinafotokoza zonse ndili kunja, iwo ali m'kati, payipi ikutayira madzi pa mapazi awo.

"Mwati mumagwira ku kampani imene yayeza malo a awo?"

"Eya, mayi."

"Ndiye mwabwera kudzandithandiza ine."

"Ndabwera kudzakuuzani."

"Mukufuna chiyani?"

"Palibe."

"Palibe munthu wosafuna kanthu. Anabwera oyamba ndi shuga, achiwiri ndi loya. Inu mwabwera ndi masamu. Mwina mukufuna ndisaine penapake."

Kunena zoona, mayiyo ndinamukonda pomwepo. Ndinawauza kuti asasaine kalikonse, ngakhale changa. Ndinawapatsira pepala pamwamba pa geti, n'kuwauza kuti apeze mphunzitsi wa masamu aliyense amene iwo akumudziwa, osati amene ndingawatchulire ine, awerengere yekha. Akapeza 70, apite ku boma kumene amadinda mapu, akadandaule molemba, apemphe oyeza a boma adzayeze okha. Kenaka ndinawafunsa ngati akudziwa kachitsulo ka mu simenti ka pa ngodya ya kumbuyo kwawo.

"Kamene amakhalapo mphaka kaja?"

"Komweko. Nyumba yanu yaima pa kachitsulo kameneko. Pepala langali alikana, buku alisowetsa, koma oyeza a boma akakapeza pamalo pake, nkhani yatha. Munthu asakakhudze, ngakhale atabwera ndi yunifolomu."

Anapinda pepala, n'kulilowetsa m'chitenje. Zikomo sananene.

Mwezi wa Novembala ndi zaka zotsatira

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa mlonda uja, amene ndinakumana naye ku msika wa ku Old Town. Mphunzitsi wa kumpingo kwawo anapeza 70. Mayi Nankhoma anakapereka dandaulo, koma oyeza a boma anati abwera pakatha masabata atatu, galimoto palibe. Mwini mpanda atamva, anatuma anthu anayi ndi mapiki m'mamawa kuti akazule bikoni. Anapeza mayiwo atakhala pa mpando pamwamba pake penipeni, ambulera ili m'manja. Tsiku lotsatira anapeza amayi a kumpingo asanu ndi mmodzi atayala mkeka pomwepo akusenda nandolo. Ankasinthana choncho masabata atatu onse, mvula yoyamba inawagwera ali pomwepo. Oyeza a boma atabwera anapeza bikoni ili m'malo mwake, simenti yake yakale yosasweka, anayeza, ndipo fayilo inabwezedwa ku kampani yathu yosadindidwa.

A Kamwendo anauza aliyense kuti chinali cholakwa cha kompyuta. Palibe anawafunsa zambiri, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ine sanandichotse, ankaopa kuti ndikalankhula kunja. Anandilembera kalata yondithokoza chifukwa cha luso langa, n'kunditumiza ku Old Town kukayang'anira chipinda chosungiramo mapu akale, chomwe chija cha pamwamba pa matelala. Ukulu wa owerengera unapita kwa mnzanga wosaina osatsegula uja. Ndinakhala m'chipindamo zaka khumi ndi zinayi, ndikupinda mapu ndi kuthamangitsa chiswe, osapatsidwanso nambala imodzi yoti ndiwerengere. Tadala anachoka ku sukulu yogonera komweko n'kubwera ku yoyendera, ndipo abambo anu sanatchulepo nkhaniyi mpaka tsiku lawo lomaliza, chimene chinali kulankhula kokwanira. A Lameki anapuma bwinobwino, anawagulira njinga. A Kamwendo ndinawaona chaka chatha pa ukwati wina ku Area 15, atakhala kutsogolo, akuitanidwa kuti alangize akwati za kukhulupirika. Ndinatuluka panja mpaka anamaliza.

Ku Area 10 ndinabwererako kamodzi kokha, nditapuma kale ntchito. Sindinauze munthu. Mpanda wa njerwa unali pomwe unathera kale, koma anaukweza, pamwamba n'kuika waya wamagetsi. Nyumba ya malata ofiira inalipo. Mayi Nankhoma anali pakhonde, atakalamba kwambiri, ndodo ili pambali. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndili pa geti.

"Ndinu aja a masamu."

"Ndine, mayi."

"Mphunzitsi uja anapeza 70."

"Ndinamva."

"Koma sindinamukhulupirire, poti mkazi wake ankachapa kwa awo a mpandawo. Ndinakapeza wina ku Area 25, wosadziwa aliyense kuno. Nayenso anapeza 70. Ndi pamene ndinapita ku boma."

"Munachita bwino," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kuitana mdzukulu wawo wamkazi kuti abweretse kiyi wa geti.